Galimoto yotsitsidwa kumbuyo: ya pabwalo la mpikisano, osati ya pamsewu

Mwina mwaonapo galimoto yomwe kumbuyo kwake kwatsika ngati kukhudza pansi, mwini wake n'kumanyadira kuti waikonza ngati ya mpikisano. Ngati mwini wakeyo ndi mwana wanu, kapena ndi amene amanyamula ana anu, ndi bwino mudziwe zomwe zasinthidwa kunsi kwa galimotoyo.

Tayala lililonse limagwira msewu ndi kachigawo kongofanana ndi chikhatho chanu. Kukhota ndi kuima konse kumadalira tizigawo tinayi timeneti, ndipo ntchito ya masipuling'i ndi ma shock absorber ndi kuonetsetsa kuti tayala lisasiyane ndi nthaka. Masipuling'i amanyamula kulemera kwa galimoto. Ma shock absorber, omwe mkati mwake muli mafuta odutsa m'timabowo ting'onoting'ono, amaletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda bampu.

Pa bwalo la mpikisano ngati Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, msewu ndi wosalala, wopanda maenje. N'chifukwa chake akatswiri amaika masipuling'i olimba komanso aafupi, kuti galimoto itsike ndipo isapendame kwambiri pokhota. Amaika chitsulo chokhuthala cholumikiza magudumu awiri akumbuyo, chomwe amakaniko amachitcha anti-roll bar. Amachotsanso mabushi a labala n'kuika olimba, kenako n'kupendeketsa magudumu pang'ono kuti tayala lakunja ligwire msewu bwino pakona.

Vuto lili apa: kumbuyo kukalimba kuposa kutsogolo, matayala akumbuyo ndi amene amayamba kuterereka pakona, galimoto n'kuzungulira. Dalaivala wa mpikisano anaphunzira kuibweza, ndipo amakaniko ake amasintha chinthu chimodzi, kuyesa pabwalo, kenako china.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1965, loya wa ku America, Ralph Nader, anatulutsa buku lotchedwa Unsafe at Any Speed, momwe anadzudzula kapangidwe ka kumbuyo kwa galimoto ya Chevrolet Corvair. Ngakhale lipoti la boma la mu 1972 linati Corvair sinali yoopsa kuposa zinzake za nthawiyo, mkanganowo unathandiza kuti mu 1966 America ikhazikitse lamulo la chitetezo cha magalimoto.

Tsopano ganizirani galimoto yolimbitsidwa chotere pamsewu wa maenje, itanyamula anthu atatu kumbuyo ndi thumba la chimanga m'buti. Ikagunda dzenje, sipuling'i ilibe malo opindikira, choncho tayala limadumpha. Tayala lomwe lili m'malere silingakhote, silingagwire buleki. Kugunda konseko kumakathera pa msana wa okhala kumbuyo. Choopsa kwambiri ndi kudula masipuling'i ndi makina odulira zitsulo pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa sipuling'i yodulidwa ikhoza kuchoka pamalo pake galimoto ili pa liwiro.

Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi. Ngozi ya pa makilomita 120 pa ola ili ndi mphamvu kanayi kuposa ya pa 60. Wa mpikisano amavala chisoti ndi malamba angapo, galimoto yake ili ndi zitsulo zomutchinga, ndipo ambulansi imakhala tcheru pambali. Mwana wanu alibe zonsezi.

Nanga mungatani? Funsani mwini galimoto ngati masipuling'i anadulidwa, ndipo ngati anadulidwa, ana asakweremo. Kanikizani galimotoyo pakona yakumbuyo n'kuisiya. Ikadumpha kangapo isanakhazikike, ma shock absorber atha. Mafuta otuluka pa shock absorber, kapena tayala lodyeka mbali imodzi, ndi zizindikiro zoti ipite kwa makaniko.

Kwa inu odzipereka pa zaumoyo, ngozi ikachitika, munthu wodandaula khosi kapena msana musamukoke manja kapena kumukhazika tsonga, pokhapokha pali moto. Gwirani mutu wake kuti usagwedezeke, mumunyamule angapo atagona chowongoka pa chinthu cholimba monga chitseko, ndipo mufulumire naye kuchipatala.