Lifidzi wa kuseri kwa Dedza ndi anyamata ake a mota

Mukatchula Lifidzi m'depoti ya ku Lilongwe, kondakitala akukwezani basi ya ku Salima, ndipo sanalakwe poti kumeneko kulidi Lifidzi. Koma kuli Lifidzi winanso kumapiri, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo njira yake n'kudzera ku Dedza. Mukadinditsa pa chipata n'kuponda Calómuè mwalowa m'dziko la eni, komabe mayi wogulitsa nthochi akulonjerani kuti "Mwaswera bwanji, achimwene?" ndendende ngati mnzake wa pa Lizulu. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu. Kusiyana kwake kuli pa zikwangwani: Ulongwe amalemba Ulónguè, Domwe amalemba Dómuè. Ndipo njinga yamoto kumeneko amati mota.

Dzina loti Angónia likudzimasulira lokha: dziko la Angoni. Angoni a Maseko anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe, lomwe limapitirira mamita 2,000, pakati pa Achewa ndi Antumba amene anawapeza, ndipo ndi chilankhulo cha opezedwawo chimene chinapambana. Mfumu yawo Chikuse inkalamulira kumeneko. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula ufumuwo pakati, n'chifukwa chake lero ku Ntcheu kuli Gomani pomwe tsidya linalo kuli Zintambira. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'madera ena malire ndi msewu wa M1 womwewo. Munthu amagona ku Mozambique, chigayo n'kukagayitsa ku Malawi.

Lifidzi anatchuka ndi mishoni ya Francisco Xavier Woyera, imene ansembe a Chijezuiti anatsegula mu 1909. Sanakhalitse, poti boma latsopano la ku Portugal linawathamangitsa mu 1910, ndipo anadzabwerera mu 1941. Tchalitchi chake n'chachikulu moti mlendo amadabwa kuchiona chitaima pakati pa minda. Ufulu wa Mozambique utabwera mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo patapita nthawi ansembe anakakhala ku Chapotera, kufupi ndi komweko. Uko n'kumene, usiku wa pa 30 Okutobala 1985, anthu a mfuti anatenga Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia konko, pamodzi ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, n'kukawapha. Zinali zaka za nkhondo ya pachiweniweni, zimene midzi inasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, Malawi n'kusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ambiri mwa abambo amene lero ali ndi golosale kapena galaja kumeneko, sitandade 1 anaiyambira kwathu kuno.

Dothi lake n'lachonde, mvula siivuta, ndipo kuzizira kwa mu Juni n'kwa ku Dedza komwe. Amalima chimanga, nyemba, soya, fodya ndi mbatata ya kachewere. Vuto la mlimi wa kumapiri n'lotulutsa katundu m'munda. Lole siifika paliponse, ngolo imachedwa, ndiye ntchito yatsalira mota. Mudzaiona itasenza matumba awiri a mbatata, pena mbuzi, pena banja lonse pamodzi ndi chidebe chake, pena wodwala atamugwirira pakati. Njinga za Lifo ndi zinzake za ku China zimene zadzaza Lilongwe, zambiri zinalowera mbali yomweyi, ndipo si zonse zimene zinaona chipata.

Anyamata awiri akakumana pa mota njira ili imodzi, mpikisano sufuna kalata yoitanira. Ndinadzionera ndekha tsiku lina ndikuchokera ku Ulongwe. Wondinyamula anali wofatsa mpaka mnzake atatidutsa n'kuliza hutala kawiri. Basitu msana wake unawerama, injini inasintha kulira, fumbi koboo, ine chogwira n'kusowa. Ndinamutsina m'nthiti n'kumukumbutsa kuti ana anga akadali aang'ono. Anachepetsa liwiro, koma mpaka tinafika anali wokhumudwa ngati ndamulanda ndiwo pakamwa. Ndinakwiya tsiku limenelo. Pambuyo pake ndinavomera kuti mnyamatayo anali ndi luso: ankaona dzenje ine ndisanalione, ndipo pa mchenga ankadziwa pofewetsa dzanja.

Kunja luso limenelo ndi chuma chambiri. Mu 2025 kampani ya ku America ya Liberty Media, yomwenso ndi mwini wa Formula 1, inagula mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP, ndipo okonda masewerowa ambiri ali ndi nkhawa kuti pofuna owonera atsopano matikiti adzakwera, phokoso la malonda n'kuphimba kulira kwa injini. Zathu n'zazing'ono poyerekeza, koma funso lake n'lomwelo: masewero akakula, mwini wake amakhala ndani? Ku Lesotho, dziko lamapiri ngati Angónia, kuli mpikisano wa Roof of Africa womwe unayamba mu 1967. Ndi wotchuka padziko lonse, koma amene amatenga zikho nthawi zambiri ndi alendo okhala ndi njinga zodula, mwini phiri ataima pambali ndi bulangete lake. Chimene ndingasirire ndi cha Ross Branch wa ku Botswana, yemwe anakulira m'fumbi la kwawo n'kudzakhala wachiwiri pa mpikisano wa Dakar mu 2024.

Tsiku lina wina adzaona mapiri a Lifidzi n'kunena kuti pano pakuyenera mpikisano, ndipo adzakhala akunena zoona. Mantha anga ndi oti adzabwera ndi matenti, mowa ndi kampani ya juga, njinga zake n'kuzitsitsa pa thirela, anyamata a mota n'kupatsidwa ntchito yogwira chingwe kuti anthu asalowe m'bwalo. Mpikisano wotero ungachitikire kulikonse. Wa ku Lifidzi weniweni ungakhale wa njinga zomwezi zimene m'mawa zasenza mbatata, za injini zofanana kukula, poti akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ndipo liwiro lisakhale lokha. Pakhale chigawo chokwera chitunda utasenza thumba osaponda pansi, pakhalenso cha amakaniko: ndani amate tayala ndi kubwezera tcheni msanga. Amene anaonapo mnyamata akudzutsa mota yakufa ndi sipanala imodzi ndi kawaya akudziwa kuti chigawo chimenechi chingasonkhanitse anthu kuposa mpira. Woulutsa alankhule Chichewa, kapena tinene Chinyanja monga amachitchulira m'mabuku a sukulu a kumeneko, ndipo anyamata a ku Dedza, Lizulu ndi Tsangano aitanidwe, popeza ndi anthu amodzi.

Pali chimodzi chimene sindingachitche chikhalidwe choti tisunge, ndicho kuthamangitsana pamsewu wa anthu. Madokotala a mafupa ku Lilongwe ndi ku Blantyre akhala akudandaula kuti mabedi awo adzaza ndi ovulala pa kabaza. Ngakhale pachilumba cha Isle of Man, kumene akhala akupikisana kuyambira 1907 atatseka misewu, madokotala ali chire, anthu oposa 250 afera pa njira ya mpikisanowo. Nanga pamsewu wodutsa ana a sukulu, ng'ombe ndi amayi osenza nkhuni? Mpikisano ukhale pamalo amene mafumu apereka, anthu atakolola, njira itatsekedwa, ndipo wopanda chipewa cholimba asayandikire poyambira. Mphotho yake isakhale chikho chokakhala pa kabati. Ikhale matayala, chipewa, ndi ndalama yokatengera laisensi, yomwe anyamata ambiri mbali zonse ziwiri alibe. (Mawu oti chipewa omwewo, monganso nsapato ndi mbatata, tinabwereka kwa Apwitikizi kalekale, ndiye tsidya linalo palibe amene adzafunse tanthauzo.)

Inu amene mwakhala mukudutsa pa Dedza n'kumangoyang'ana kumadzulo pawindo la basi, tsikani tsiku lina. Tengani zikalata zanu zowolokera, jekete yokhuthala ndi ma meticais pang'ono, ngakhale kufupi ndi malire kwacha amalandira. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mnyamatayo mumuuziretu kuti mukufuna kukaona tchalitchi cha Lifidzi mutaima ndi miyendo yanu.