Mwezi unasiya kuvina ku Assumane

Telesikopu ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga, inalibe vuto la magalasi. Anaipanga yekha ndi paipi ya madzi: kutsogolo anaikako galasi la mandala owerengera la mphamvu ya +1, lomwe limasonkhanitsa kuwala pa mtunda wa mita imodzi, kumbuyo kagalasi kochotsa ku mabainokyula akufa. Mwezi umakula mwina ka 40. Koma chokulitsa mwezi ka 40 chimakulitsanso kunjenjemera kwa dzanja ka 40, ndiye ukaikapo diso umangoona chinthu choyera chikudumpha uku ndi uku.

Anayesa kuitsamiritsa pampando, kenako pampanda, mpaka kuimangirira ku nthambi ya mango ndi mphira ya chubu cha njinga. Zonse zinakanika. Dera la Lichinga lili pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July, pomwe kumwamba kumayera bwino, m'pamene mphepo imaluma ndi kugwedeza chilichonse. Ana a ku Assumane kuno amaima pamzere, woyamba akangogunda paipi ndi chipumi, mwezi wathawa. Agogo ake anasuzumiramo kamodzi n'kuti, "Iwe mwana, wandidzutsira mdima womwewu?" Anabwerera kukaotha moto.

Chipulumutso chinabwera ndi chithunzi chimene mphwanga anachiona pa foni: choikapo telesikopu cha John Dobson. Bamboyu anabadwira ku Beijing mu 1915, anakhala zaka zambiri m'nyumba ya amonke ku California, ndipo kumeneko ankapanga matelesikopu ndi zinthu zotola: matabwa otsala, mapaipi a makatoni, magalasi a mawindo a sitima zapamadzi. Pambuyo pake ankaimika matelesikopu ake m'misewu ya San Francisco kuti aliyense wodutsa aone kumwamba ulere. Anamwalira mu 2014, koma bokosi lake likupangidwabe dziko lonse.

Kalipentala wa pafupi nafe atachiona anaseka. "Mwati azungu akutama bokosi ili? Bweretsa paipiyo, mwanawe."

Anayamba ndi kuika paipi pa chala kufuna pamene imakhazikika osapendekera mbali. Pamenepo anaivekera kabokosi ka matabwa a paini, ndipo mbali zonse ziwiri anakhomerako zotsekera mapaipi zozungulira, zazikulu. Makutu awiriwa amakhala m'mipata ya V yodulidwa pa bokosi lalikulu, motero paipi imakwera ndi kutsika popanda chomangira. Bokosi lalikululo limazungulira pa thabwa lapansi, pakati pali bawuti imodzi yosamangitsa. Apa ndiye pagona nzeru, ndipo ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kuika mabering'i a njinga: chinthucho chisamaterereke kwambiri. Dobson ankagwiritsa ntchito Teflon yokhuzana ndi Formica, kuti ukakankha chiyende mofewa, ukasiya chiime pomwepo. Ife Teflon tikanaipeza kuti? Kalipentala anadula tizidutswa titatu ta chigubu cha mafuta ophikira, n'kutikhomera motalikirana, mitu ya misomali yomira, pamwamba pake Formica yotsala patebulo la munthu wina. Titatu, osati tinayi, monga mafuwa: mphika sugwedera pa atatu ngakhale pansi pakhale pokumbika.

Popeza telesikopu ya mtundu uwu amayang'anira kumbuyo, zonsezi anazikhazika pamwamba pa mtengo wonenepa wa bulugamu, wokumbiridwa pansi ndi kutsendera miyala. Kutsogolo kukalemera, kathumba ka mchenga kumbuyo kamakonza zonse.

Usiku woyamba ndinaseka mpaka misozi. Mphwanga anaigogoda dala ndi chala, chithunzi chinanjenjemera pang'ono n'kuima njii! Mwezi unali wa theka, nthawi yabwino koposa, chifukwa m'malire a kuwala ndi mdima zithunzithunzi zimatalika ndipo maenje ndi mapiri amaonekera bwino. Kamtsikana kena kanakuwa kuti mwezi uli ndi zipsera. Wina anadandaula kuti ukuthawabe, ndipo amanena zoona: dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho pa mphindi ziwiri zokha mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Kale zikatero ntchito imayambiranso. Tsopano kukankha pang'ono ndi chala, wabwerera pakati. Tsiku lina, Jupiter itatuluka madzulo, tinaona timadontho towala titandandalika pambali pake, miyezi yomwe Galileo anaiona mu 1610.

Pano madzulo pakhomo pa mlongo wanga sipasowa anthu, ndipo kalipentala uja amadzitcha injiniya wa zakumwamba. Amene mukufuna kupanga yanu, musathere ndalama zonse pa magalasi. Sungani zina za matabwa ndi bawuti. Ndipo masana muzichotsa paipiyo n'kuibisa m'nyumba, chifukwa mwana akangolozetsa ku dzuwa, diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.