Akuba Uci Asautsa Oweta Njuci

Mlimi akapacika mng'oma wa khungwa pamtengo wa mombo, adikira miyezi yambiri kuti njuci zilowe. Koma pofika November, uci utakhwima, ena apeza mng'oma uli pansi, wong'ambika.

Ciuli ndi mdani wakale, ndipo alimi amdziwa bwino: akulunga lata patsinde, kapena alenjeka mng'oma pa waya. Woopsa kwambiri ndiye munthu. Afika usiku ndi muuni wa udzu, natentha njuci pamodzi ndi mfumukazi yao, nataya zisa za ana. Kawirikawiri motowo ulowanso m'thengo.

Cifukwa cace ambiri asendeza ming'oma kufupi ndi minda, naikapo cizindikiro cao. Wakuba akagwidwa, mlandu upita kwa anyakwawa, ndipo ayenera kulipira uci ndi mng'oma womwe.