Kabati Yoimba ya Agogo

Ana inu, munaonapo kabati yoimba? Ine ndinaiona kwa agogo anga, m'mudzi wina wa m'mapiri kuseri kwa msika wa Chezi, pa msewu wa ku Salima. Inali yaitali ngati benchi, ya miyendo inayi yowonda, matabwa ake onyezimira ngati apakidwa mafuta. Pamwamba ankayalapo doilo. Ife ana tinkaletsedwa ngakhale kutsamirapo.

Ukatsegula chivundikiro, mkatimo munali zinthu ziwiri: wayilesi mbali ino, choimbira mbale mbali inayo. Ambiri ankangoti gumbagumba. Mbale zake sizinali zodyera nsima ayi! Zinali zakuda, zophwatalala, zokhala ndi kanjira kopyapyala kozungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Mbale ikamazungulira, singano inkayenda m'kanjirako n'kumanjenjemera, ndipo kunjenjemerako n'kumene kunkasanduka nyimbo. Mbale yaing'ono inkazungulira maulendo 45 pa mphindi imodzi, yaikulu maulendo 33 ndi pang'ono. Ukalakwitsa liwiro, woimba wa mawu aakulu ankamveka ngati kamwana.

Nanga n'chifukwa chiyani inali yaikulu chotere, pamene lero foni yoimba nyimbo imakwana m'thumba?

Mawayilesi akale ankagwira ntchito ndi mavavu, timabotolo tagalasi tonga mababu. Tinkatentha, tinkafuna malo ndi mpweya, ndipo ukayatsa wayilesi unkayamba wadikira kaye kuti titenthe mawu asanatuluke. Mu 1947 akatswiri a ku America anapanga kachipangizo kakang'ono kotchedwa transistor, ndipo pang'onopang'ono mawayilesi anayamba kuchepa n'kumayendera mabatire. Izi zinathandiza midzi yopanda magetsi ngati yathu.

Komabe anthu sanaisiye kabatiyo, ndipo chifukwa chake ndimachikonda kwambiri. Taganizani za ng'oma. Mutatenga chikopa chokha n'kuchimenya, chingangoti phaphapha. Koma chikakungidwa pa mtengo wogoba, mawu ake amafika mpaka tsidya la dambo. Sipika nayo ndi chimodzimodzi: ikakhala m'bokosi lamatabwa, mawu aakulu aja ogunda pachifuwa amamveka bwino. Ndiponso chinthu chodula chotere chinkayenera kuoneka chaulemu pabalaza, ngati tebulo ndi mipando.

Makabati ambiri otere anabwera ndi amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela, ndi ena ochokera ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ku Bulawayo kunali fakitale ya mawayilesi otchedwa Supersonic, ndipo kuno kwathu, ku Blantyre, ankapanga wayilesi ya Nzeru. Taganizani ulendo wake: kabati yolemera chonchi kukwera sitima, kukwera basi, kenako ngolo kapena mapewa a anthu kukwera nayo zitunda za kwathu ku Dowa! Munthu akafika nayo, mudzi wonse unkabwera madzulo kudzamvera MBC, imene inayamba mu 1964.

Ku Britain ndi ku America, m'zaka za m'ma 1950, nayonso TV ankaiika m'kabati yotere, ina yokhala ndi zitseko zotseka galasi lake. Kwathu kuno makabati a TV oterewa ndi osowa, chifukwa wayilesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, nthawi ya makabatiwa itapita kale.

Lero m'mayiko ambiri muli anthu amene amasakasaka makabati amenewa. Amawagula, n'kuwakonza, n'kuwapukuta mpaka kuwala. Amayang'ana ngati matabwa ali abwino, ngati mabatani onse alipo, ngati dzina la kampani likuwerengeka. Ngakhale yosaimba amaisunga chifukwa cha kukongola kwa ntchito ya mmisiri. Zimandiwawa ndikaona yathu ili m'khitchini, yakuda ndi utsi, nkhuku ikuikiramo mazira.

Ngati kwanu ilipo, adani ake ndi chiswe, chinyezi ndi denga lodontha. Ipukuteni ndi kansalu kouma, ndipo pemphani akuluakulu aisunthe isagundane ndi khoma lonyowa. Musailumikize ku magetsi kapena kutsegula kumbuyo kwake, mawaya akale ndi oopsa. Kenako khalani pansi pafupi ndi agogo, muwafunse kuti: "Agogo, kabati iyi inachokera kuti, ndipo anabwera nayo ndani?"