Lita Imodzi ya Uci Si Kilo Imodzi

Cimanga cikapsa ndi dzuwa, monga cinacitira mu 1992 ndi mu 2024, banja limafuna kandalama kwina. Ena amafula uci, ena amaphika vitumbuwa ndi masikono ogulitsa. Pa nchito zimenezi ndaona anthu akuluza cifukwa coyesa kuti lita ndi kilo n'cimodzimodzi.

Pa madzi n'zoona: lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Koma uci ndi manyuci a nzimbe n'zolemera kuposa madzi. Lita imodzi ya uci wokhwima imalemera pafupifupi kilo imodzi ndi magalamu 400. Motero kilo ya uci sidzaza lita, imangofika pa mamililita 700.

Mapepala ambiri ophunzitsa kuphika amalemba magalamu, pamene kumudzi sikelo kulibe. Citani motere: culukitsani magalamuwo ndi 7, kenaka gawani ndi 10. Cimene mwapeza ndiwo mamililita. Pepala likati magalamu 500 a manyuci, thirani mamililita 350. Mai amene wathira botolo lathunthu la mamililita 500 waika magalamu 700. Mtanda wake udzakhala wamadzimadzi, masikono adzapserera kunja m'kati muli mwauwisi, ndipo phindu la tsikulo lathera momwemo.

Kapu ya mamililita 250 imalowa magalamu 350 a uci. Supuni yaikulu yodyera, ya mamililita 15, imalowa magalamu 21. Kasupuni ka tiyi magalamu 7. Koma makapu a m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana, conco yesani yanu coyamba. Dzazani madzi m'botolo la mamililita 500. Ngati madziwo adzaza kapu yanu kawiri osatsala, kapuyo ndiyo muyeso wanu. Isungeni padera, ana asamwere.

Shuga sayendera lamuloli. Kapu yomweyo imalowa shuga magalamu 200 cabe. Mukafuna kuika uci m'malo mwa shuga, pa kapu imodzi ya shuga ikani uci wosadzaza kapu, magawo atatu mwa anai. Cepetsaninso madzi kapena mkaka pang'ono, ndipo phulani makala ena pa mbaula cifukwa uci supirira moto waukali. Pakani saladi m'kapu musanayese, uci wonse udzatsika wosakanirira. M'mwezi wa June uci ukalimba ndi kuzizira, imikani botolo m'madzi ofunda, musauwiritse.

Inu alimi a njuci, apa ndipo pali ndalama. Cigubu ca malita 20 codzaza uci cimalemera makilo 28, osawerengera cigubuco. Wogula akakuwerengerani makilo 20, mwampatsa makilo 8 aulere. Ine ndimati pamene pali sikelo, gulitsani pa sikelo, ndipo muyambe mwayesa cigubu copanda kanthu. Botolo la saladi la mamililita 750 limapitirira kilo pang'ono.

Sikelo imaululanso uci woipa. Lita ikalemera mocepa kwambiri pa kilo ndi magalamu 400, uciwo uli ndi madzi ambiri: mwina unafulidwa njuci zisanamate zisa, mwina wina anausungunula. Uci wotere sukhalitsa, umasasa ndi kucita thovu.

Mwana amene sanakwanitse caka cimodzi musampatse uci, ngakhale wa m'phala, cifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene m'mimba mwa khanda simungathe kulimbana nato.