FONI YANU INGAGWIRE GANYU USIKU, KOMA MALIPIRO PALIBE!

Lachiwiri lapitali ndili mkati mofuna ndiwo mumsika wa Limbe, ndinangomva mawu kumbuyo kwanga: "Inu a nyuzi, tabwerani kuno mudzaone malodza!"

Anali mayi ena amene ndimawagula tomato masiku onse. M'manja mwawo munali foni yotupa ngati chitumbuwa, chivundikiro chakumbuyo chitakanuka, batire likuonekera.

"Mwana wa achemwali anga ndiye wandipha," anatero mayiwo. "Anandiikira kanthu m'fonimu, ati ndikamagona foni izikumba ndalama. Masabata atatu ndakhala ndikuisiya pamoto usiku wonse, ngakhale tambala sindinaione. Lero ndi izi. Nanga ondipikulitsa tomato ku Lizulu andipeza bwanji? Ndalama za makasitomala zilowera kuti?"

Ndinawaperekeza kwa mnyamata wina wokonza mafoni kumzere wakumtunda. Iye atangoiona anapukusa mutu, nati batire latha ntchito ndipo mayi athokoze Mulungu kuti silinayake moto pansi pa pilo. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi chakuti pashelefu yake panali mafoni anayi a magalasi ong'aluka, onse ali pachaja, onse akuthwanima.

"Nanga achimwene, inunso mukukumba ndalama?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ayi aise, awa akugwira ganyu, koma ganyu yaulere. Akuthandiza akatswiri a zanyenyezi kuwerengera masamu awo."

Ndinaona kuti pamenepa pali nkhani, ndipo ndatha masiku angapo ndikuifufuza. Tsono tcherani khutu, chifukwa zinthu ziwirizi zimaoneka ngati mapasa koma china ndi chithandizo, china ndi umbava.

CHIPEREGANYU CHA MAKINA

Inu a mumsika chipereganyu mukuchidziwa. Aliyense amaponya kochepa, koma zikakumana pamodzi munthu amaoda katundu wodzadza pikapu. Akatswiri a sayansi nawo anatulukira nzeru yomweyi. Masamu ena ndi aakulu moti kompyuta imodzi ingathe zaka mazanamazana isanamalize, ndipo makompyuta akuluakulu a ntchito imeneyi ndi odula koopsa. Ndiye amaidula ntchitoyo tizidutswa ting'onoting'ono n'kutumiza pa intaneti kwa anthu wamba amene adzipereka. Makina anu amawerengera kachidutswa kawo panthawi imene simukuwagwiritsa ntchito, akamaliza amabweza yankho n'kutenga kena.

Zimenezi si zalero. Mu 1999 sukulu yaukachenjede ya California ku Berkeley, m'dziko la America, inayambitsa SETI@home, yofufuza ngati kuthambo kuli zamoyo zina zimene zikutumiza uthenga. Anthu oposa 5 miliyoni analowa nawo, ndipo ntchitoyi inasiya kutumiza tizidutswa mu Malichi 2020. Kuchokera ku ntchito imeneyi, idakali mkati, katswiri wina dzina lake David Anderson anakonza pulogalamu yotchedwa BOINC, imene ili ngati sikelo imodzi yogwiritsa ntchito magulu ambiri ofufuza.

Mwina muti zanyenyezi zikutikhudza chiyani ife a tomato ndi kaunjika. Imvani izi. Ku Basel m'dziko la Switzerland, akatswiri a matenda a m'maiko otentha anayendetsa malariacontrol.net kufikira mu 2016, ndipo makompyuta a anthu odzipereka ankawerengera mmene malungo amafalira komanso mmene maneti, mankhwala ndi katemera zingawachepetsere. Nayo kampani ya IBM mu 2004 inakhazikitsa World Community Grid, ndipo mu 2005 munalowa FightAIDS@Home, yoyesa pa kompyuta mankhwala amene angagwire kachilombo ka HIV. Malungo ndi Edzi, abale, ndani mwa ife sanaikepo m'bale wake chifukwa cha matenda awiriwa?

Mu 2020 matenda a Covid-19 atavuta, anthu anakhamukira ku Folding@home, ntchito imene inayambira ku Stanford mu 2000. Pofika Epulo chaka chimenecho, mphamvu ya makina a anthu wamba pamodzi inaposa ya makompyuta 500 aakulu kwambiri padziko lonse kuwaphatikiza. Mutu umodzi susenza denga ndithu.

KABAZA NDI LOLE

Mafoni analowa m'chipereganyuchi mu 2013, pamene BOINC inayamba kugwira pa Android. Ena mwa oyamba kulandira thandizo la mafoni anali FightAIDS@Home ndi Einstein@Home, yofufuza nyenyezi zina zozungulira mothamanga. Funso limene ndinali nalo ndi lomwe aliyense angafunse: kafoni kosatha n'kutsegula komwe vidiyo bwinobwino kangathandize chiyani?

Mkati mwa foni kapena kompyuta iliyonse muli kachitsulo kotchedwa purosesa, komwe ndi ubongo wake. Purosesa ya mufoni anaipanga kuti izidya moto wochepa, poti imadalira batire. Ya mukompyuta yaikulu ya patebulo ilibe manyazi, imameza magetsi mmene ikufunira. Kunena mwachidule, ina ndi kabaza, ina ndi lole.

Pa liwiro, kabaza sangapikisane ndi lole, tisanamizane. Kachidutswa kamene kompyuta yamphamvu imamaliza inu mukudya nsima, foni yakale imakhala nako maola ambirimbiri. Komanso mafoni ambiri amene amalembedwa kuti ali ndi mitu 8 m'purosesa yawo, mitu imeneyo siyofanana mphamvu: ina ndi yamphamvu, ina ndi yofooka yongosungira batire. Zili ngati kulemba aganyu 8 koma theka la iwo ndi ana asukulu.

Koma wageni weniweni safunsa liwiro lokha, amafunsa kuti mafuta athera angati. Tiyeni tiwerengere. Foni ikamagwira ntchito mwamphamvu imadya mawati osaposa 5 kawirikawiri. Ikayaka usana ndi usiku kwa masiku 30, ndiye kuti yatha mayunitsi 3.6 basi. Kompyuta ya patebulo yodya mawati 200, pa masiku omwewo imatha mayunitsi 144. Ndiye kuti moto wa kompyuta imodzi ungayendetse mafoni 40. Apa ndi pamene timakina tating'ono timapezera ulemu: pa yunitsi iliyonse ya magetsi, ntchito imene timatulutsa siyochititsa manyazi ayi. N'chifukwa chake anthu ena kunjaku amaunjika tikompyuta totchedwa Raspberry Pi, tating'ono ngati bokosi la sopo, timene tinayamba kugulitsidwa mu 2012, n'kutisiya tikuwerengera chaka chonse mwakachetechete.

Ngakhale zili choncho, pali katundu wina amene kabaza sanganyamule olo atalimba bwanji. Masamu ena amafuna malo ambiri osungira zinthu pamene akuwerengedwa, ndipo foni yaing'ono imangokanidwa pakhomo. Ena amayenda bwino pa makina otchedwa GPU, amene poyamba anapangidwira magemu a pakompyuta. Makina amenewa amadya moto wambiri, komabe pa masamu owayenera amatulutsa ntchito yochuluka moti ngakhale pa yunitsi imodzi foni imatsalira kutali. Mphamvu yambiri ya Folding@home ija inachokera ku makina oterewa, osati ku mafoni.

WAMNG'ONO ANAPHAPO NJOVU

Pali nkhani ina imene inandisangalatsa. Kuyambira mu 1996 gulu lotchedwa GIMPS, lomwe anayambitsa George Woltman, lakhala likusaka manambala akuluakulu amene sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Zitsanzo zazing'ono ndi 7, 31 ndi 127.

Mu Disembala 2018 bambo wina wa ku Florida, Patrick Laroche, anapeza nambala yotere yokhala ndi madijiti 24,862,048. Anaipeza ndi purosesa ya Intel i5-4590T, ya mawati 35 okha, yofanana ndi zimene zimakhala m'tikompyuta ta m'maofesi. Inagwira masiku 12 osapuma. Siinali foni ayi, komanso siinali chimakina choopsa.

Mbiri imeneyo inakhala zaka pafupifupi 6 osathyoledwa. Amene anaithyola mu Okutobala 2024, Luke Durant, yemwe kale ankagwira ntchito ku kampani ya Nvidia, anachita kubwereka ma GPU zikwizikwi m'maiko 17, ndipo nyuzi za kwawoko zinalemba kuti anawononga ndalama pafupifupi madola 2 miliyoni. Nambala yake inali ndi madijiti 41,024,320. Gululi limapereka madola 3,000 kwa wopeza nambala yatsopano, koma kuyambira 1996 kufika 2024 linapeza manambala 18 okha. Amene angalowe kuti alemere, ameneyo ayambe wagula lotale.

ADANI ATATU A KAFONI

Nditabwerera kwa achimwene okonza mafoni aja, anandionetsa pamene nsapato imawawa.

Mdani woyamba ndi kutentha. Kompyuta ili ndi fani mkati, foni ilibe. Ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye mphamvu imene inalembedwa pabokosi mumaiona mphindi zochepa zoyambirira basi. Iye anachotsa zikuto zonse n'kuwakhazika mafoniwo pa sefa ya waya kuti mpweya uzidutsa pansi. Mwezi wa Okutobala, pansi pa malata a mumsika, amangowazimitsa masana.

Wachiwiri ndi nthawi. Kachidutswa kalikonse kamabwera ndi tsiku lobwezera, ngati ngongole ya katapila. Mukachedwa, amakatumiza kwa munthu wina, ndipo thukuta lanu lapita pachabe. "Kafoni aka," anatero akuloza kakale kwambiri pa onse, "kanatsala pang'ono kumaliza, magetsi anazima masiku awiri otsatizana. Pobwera moto tsiku linali litadutsa. Kuyambira pamenepo ndimakapatsa kachidutswa kamodzi kokha, osati kuunjika." Kumaiko kumene magetsi sazima vuto ili saliona kwenikweni, koma kuno ndi limene limasiyanitsa foni yothandiza ndi yongotentha chabe.

Wachitatu ndi bandulo. Kutenga ntchito ndi kubweza yankho kumadya intaneti. Iye amagwiritsa ntchito WiFi imene amasonkherana ndi anzake a pamzere. Amene amagula bandulo ya tsiku ndi tsiku asayerekeze.

Ndinamufunsa kuti nanga amapindulanji. Anandionetsa manambala pagalasi, mapointi osonyeza ntchito imene wagwira. Sagula nawo kanthu, ngakhale fodya. "Mafoni awa ndinagula kuti ndizichotsamo masipeya," anatero. "M'malo moti azingogona m'katoni, bola azigwira kanthu. Tsiku limene kasitomala adzafune sipika kapena kamera, ndidzaphwasula popanda chisoni."

MUDZIWE CHENICHENI NDI CHABODZA

Tsono tibwerere kwa mayi a tomato aja. Chimene anawaikira m'foni si chimene ndafotokozachi. Pali mapulogalamu a akathyali amene amagwiritsa ntchito purosesa yanu kukumba ndalama za pa intaneti, phindu n'kumapita kwa eni pulogalamuyo, inu n'kutsala ndi batire lotupa. Mu 2017 kampani ya Kaspersky inayesa pulogalamu ina yoipa yotchedwa Loapi, ndipo patangotha masiku awiri batire la foni yoyeserayo linatupa mpaka kupinda chivundikiro. Mu 2018 Google inaletsa m'sitolo yake mapulogalamu okumba ndalama pogwiritsa ntchito foni yeniyeniyo. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amabwera mozembera, wina akutumizirani pa WhatsApp kapena akuikirani pamanja.

Kusiyana kwake n'kosavuta. BOINC anaikonza kuti, ngati simunasinthe kanthu, izigwira pokhapokha foni ili pachaja, batire litafika 90 pa 100, izitumiza zinthu pa WiFi pokha, ndipo batire likatentha kwambiri iziima yokha. Imakuuzani dzina la sukulu kapena bungwe limene mukulithandiza, ndipo sikulonjezani tambala. Yabodza ija imalonjeza ndalama, imakuuzani kuti mukope anzanu, ndipo siisamala kaya foni ikupsa.

Komabe ndikuuzeni zoona, ngakhale yeniyeniyo imakalambitsa batire, poti kutentha ndi kukhala pachaja nthawi zonse ndi adani a batire lililonse.

Ndiye langizo langa kwa inu anzanga a mumsika ndi ili. Foni imene mumalandirira ndalama, imene muli manambala a okupikulitsani ndi makasitomala, imeneyo ndi mpamba. Mpamba sabwereketsa, ngakhale kwa akatswiri a ku Berkeley. Koma ngati m'nyumba muli yakale yong'aluka galasi imene ana akuseweretsa, muli ndi magetsi odalirika komanso WiFi yosakupwetekani m'thumba, iikeni pamalo ozizira, kutali ndi matiresi ndi makatani, muipatse ntchito yochepa imene ingamalize nthawi isanakwane. Mukaona batire layamba kutupa, zimitsani pompo. Ngati zinthu zitatuzi palibe, musadzimvere chisoni, sayansi siigwa chifukwa cha foni yanu.

Mayi aja anagula batire lina, ndalama imene akanaodera dengu la tomato. Ndinawapeza dzulo akuyitanira malonda, foni ili m'chilundu cha chitenje.

"Nanga mwana uja mwamuuza chiyani, mayi?" ndinafunsa.

"Ndamuuza kuti akafuna ndalama zobwera munthu ali mtulo, akalote," anatero akundiwonjezera tomato mmodzi wa basela.