Mainjiniya a Ndege, Kuyunivesite ndi Kufakitale

Ndege ikatera bwino okwera amayamikira woyendetsa. Injiniya amene anawerengetsa kuti phiko lingapinde mpaka pati osathyoka, palibe amamutchula. Munthu ameneyu amatha zaka zinayi kapena zisanu akulimbana ndi masamu ndi fizikisi, ndipo akamaliza amasankha kotsalira, kuyunivesite kapena kufakitale.

Wotsalira kuyunivesite amaphunzitsa, amachonga mayeso, amalemba makalata opempha ndalama za kafukufuku, ndipo nthawi yotsala amayesa timapiko tating'ono mu chipinda chopopera mphepo. Phindu lake limachedwa kuoneka. Mu 1904 Ludwig Prandtl wa ku Germany anafotokoza kuti mpweya wokhudzana ndi phiko umayenda mosiyana ndi wa patali pang'ono, ndipo mpaka lero wopanga mapiko aliyense amayambira pamenepo. Wophunzira wake ku Göttingen, Theodore von Kármán, anakaphunzitsa ku Caltech ku America, nathandiza kuyambitsa kampani ya Aerojet mu 1942. Ambiri pa ntchitoyi amatero, amaponda uku ndi uku.

Kufakitale palibe amene amapatsidwa ndege yathunthu. Wina ndi wa chitseko, wina wa miyendo ya matayala, wina wa injini. Mapiko a ndege zambiri za Airbus amapangidwa ku Broughton ku Wales, n'kutumizidwa ku Toulouse kapena ku Hamburg kukalumikizidwa. Munthu atha kuchita kumera imvi akugwira za phiko zokhazokha. Ine sindiona kuti kumeneku n'kuchepa, chifukwa pepala lililonse limene wasaina lanyamula miyoyo ya anthu.

Mu 1954 ndege ziwiri za de Havilland Comet zinasweka zili m'mwamba pafupi ndi Italy, ina mu Januwale ina mu Epulo. Mainjiniya a ku Farnborough anamiza thupi la Comet ina mu thanki ya madzi, n'kumapopera madzi m'kati mwake ndi kuwachepetsa, usana ndi usiku, kutsanzira kukwera ndi kutsika kwa ndege. Potsiriza linang'ambika pa ngodya ya zenera. Apa opanga ndege anaona kuopsa kwa kutopa kwa chitsulo chikamakokedwa mobwerezabwereza, ndipo n'chifukwa chake ndege yatsopano amaiyesa chotere isanakalambe m'manja mwa eni ake.

Kuleza mtima koteroko kumadya ndalama, ndipo mabwana amafuna ndege ifike pamsika msanga. Ndege ziwiri za Boeing 737 MAX zinagwa, ya Lion Air mu 2018 ndi ya Ethiopian Airlines mu 2019, n'kupha anthu 346. Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa MCAS inkatsitsa mphuno ya ndege podalira kachipangizo kamodzi kokha koyezera mphepo. Komiti ya aphungu a ku America itafufuza, inapeza kuti kuthamangira nthawi ndi kupeputsa mtengo zinaphimba nkhawa zimene ena mwa ogwira ntchito ananena.

Injiniya akanena kuti ndegeyi sinakonzeke, kampani imumvere, ngakhale wogula atadikira chaka china.